Kashopu ka ku Limbe komwe anandifomatira hard drive osafufuta ukwati wa mlongo wanga

Mlongo wanga wotsiriza anakwatiwa ku Johannesburg chaka chatha, amayi osapitako. Miyendo yawo singapirire masiku awiri a pa basi, kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, ndipo za ndege sitinaziyambe n'komwe. Ndiye mng'ono wanga, amene amapenta magalimoto komweko, atabwera pa Khirisimasi anandisiyira kabokosi kakuda kokwana m'thumba la malaya. "Achimwene, ukwati wonse uli m'menemu. Mungolumikiza pa TV basi, amayi aonere."

Iye atabwerera, ndinakawatenga amayi ku Thyolo. Tinawaikira mpando wa khushoni, ana anayala mphasa, anansi athu awiri analowa osaitanidwa. Ndinalowetsa chingwe kumbuyo kwa TV. Kanyali ka pa hard drive kanayaka, ndipo nditaikapo dzanja ndinkamva kuti m'katimo mukuzungulira. Koma pa TV zii. Ndinazula, ndinabwezeretsa, ndinathimitsa, ndinayatsanso, ndinauzira mpweya pachingwe ngati mmene tinkachitira ndi makaseti. Amayi anadikira mpaka tiyi wawo anazizira, kenako anafunsa mwaulemu: "Bambo, kapena ukwatiwo anautsekera ndi loko?"

Ndikulemba izi kuti ndinene za shopu yomwe inandithandiza, zabwino zake ndi zomwe zinandinyansa. Koma sindingayambire pamenepo, chifukwa ndisanafike kumeneko ndinadutsa kaye pamsika.

Mukuwadziwa matebulo aja amalowetsa nyimbo m'mafoni ndi m'mafulashi. Mnyamata wa pa tebulo lina analumikiza hard drive ija pa laputopu yake, osaoneka. Anatsegula malo ena, n'kuyang'ana pang'ono, n'kugwedeza mutu ngati dokotala. "Madala, iyi mulibe kanthu. Ma virus anadya zonse. Tingoifomata, mphindi imodzi, K3,000." Chala chinali kale pa mausi. Ndinamufunsa kuti kufomatako kumatani. Akuti imakhala ngati yatsopano. Mawu oti yatsopanowo ndi amene anandiimitsa mtima, chifukwa ine sindinkafuna yatsopano, ndinkafuna yakale yomweyo ndi zonse zili m'kati. Ndinamugwira dzanja, n'kuimbira mng'ono wanga pa WhatsApp. Iye anati wojambula kanemayo ankagwiritsa ntchito kompyuta ya Apple, ndipo atatipatsa hard drive ija anafufuta zake zonse kuti apeze malo. Kutanthauza kuti ukwati wa mlongo wanga padziko lonse unali malo amodzi okha, pa tebulo lija, pansi pa chala cha mnyamata uja.

Sindimuda. Ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi mafulashi a nyimbo, ndipo fulashi ya nyimbo ikavuta, kuifomata ndi mankhwala oyenera. Kungoti sanafunse.

Shopu yomwe ndikunenayi ili m'chipinda cham'mwamba m'nyumba ina yakale ku Limbe. Panja palibe chikwangwani chooneka bwino, ndinachita kulozeredwa ndi telala wa pakhonde. Masitepe ake ndi opapatiza komanso amdima, munthu wachikulire asayerekeze kukwera yekha. M'kati muli benchi ya anthu atatu, makompyuta otsegulidwa mimba ali mbwee, ndipo pakona pali batire lalikulu ndi inveta. Mwini wake ndi mtsikana, mwina wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, ndipo ali ndi mnyamata mmodzi womuthandiza. Ndivomere, nditamuona ndinayang'ana kumbuyo kwake kufuna abwana. Abwanawo anali iyeyo.

Sanaigwire n'komwe hard drive ija asanandifunse mafunso atatu. Yachokera kuti? Zomwe zili m'menemu zilinso kwina? Mukufuna muziionera pa chiyani? Nditayankha lachiwirilo kuti ayi, anaitenga ndi manja awiri ngati dzira.

Anailumikiza pa kompyuta ya Apple yakale ndithu yomwe amasungira ntchito ngati zimenezi, ndipo zonse zinangoti mbee: zikwatu za mafayilo, zithunzi, makanema, pafupifupi 300GB. Palibe virus anadya kanthu. Ndinakhala pa benchi paja miyendo itafooka.

Mmene anandifotokozera ndi mmene ndikufotokozereninso, chifukwa ine ndinagwirapo ntchito mu sitolo ya katundu wambiri ndipo ndinamva msanga. Anati, "Bambo, hard drive ili ngati nyumba yosungiramo katundu. Katundu alimo, koma kuti mupeze thumba lililonse pamafunika kaundula wonena kuti chakuti chili pa shelefu yakuti. Ndiye makampani amalemba kaundulayo m'njira zosiyana. Uyu walembedwa mwa Apple, amati APFS. TV yanu siitha kumuwerenga, Windows nayonso siitha. Zikalephera kuwerenga, zimangoti mulibe kanthu." Kufomata, anatero, ndi kung'amba kaundulayo n'kuika watsopano wopanda cholembedwa. Kufomata kwachangu, kuja amati Quick Format, sikutulutsa katundu m'nyumbamo nthawi yomweyo, koma palibenso wodziwa pomwe ali, ndipo chilichonse chatsopano chimene mwaika chimaunjikidwa pamwamba pa chakale. Kwina kuja kochedwa kumalemba maziro pa hard drive yonse, ndipo pamenepo ndiye kulira kwa maliro.

Funso lachitatu lija ndi lomwe linandisonyeza kuti mwanayu ntchito amaidziwa. Ine ndinayankha kuti TV. Iye anati TV yake iti. Ndinatchula dzina la kampani. Anati sizikukwana, akufuna nambala yomwe ili pa kapepala komata kumbuyo. Ndinaimbira mayi a kunyumba kuti atembenuze TV ajambule kapepalako, ndipo ndinamva pafoni pomwepo akudandaula za fumbi lomwe anapeza kumbuyoko. Chithunzi chitafika, mtsikanayo anafufuza buku la TV imeneyo pa intaneti n'kupeza tsamba lonena za USB. Panalembedwa kuti imawerenga FAT32 ndi NTFS, ndiponso hard drive yosapitirira 2TB. Za exFAT panalibe.

Apa ndi pomwe ndinaphunzira kuti palibe kafomatidwe kamodzi kokomera zipangizo zonse, ngakhale anthu amakonda kulankhula ngati kalipo. FAT32 ndi nkhalamba ya m'ma 1996, ndipo pokhala nkhalamba imadziwika paliponse: ma TV akale, mawailesi a m'galimoto, masipika aja a pa ukwati. Vuto lake ndi limodzi koma lalikulu, siilandira fayilo imodzi yofika 4GB. Kanema wamkulu wa ukwati wathu anali 11GB. Akanati aifomate mwa FAT32, zithunzi zonse zikanalowa, koma kanema yemwe amayi anachokera ku Thyolo kudzaonera akanakanidwa pakhomo, kompyuta n'kumanena kuti fayilo yakula pamene malo ali mbwee. Anthu ambiri akuti amasokonezeka pamenepa, amaganiza kuti hard drive yawonongeka.

exFAT, yomwe Microsoft inatulutsa mu 2006, ilibe malire a 4GB amenewo, ndipo Windows ndi Apple zonse zimaiwerenga ndi kuilemba. Iye anati ikanakhala TV ya zaka zaposachedwa akanasankha imeneyo osaganiza kawiri, chifukwa mng'ono wanga akadzabweranso akanatha kuwonjezeramo zina kuchokera pa kompyuta iliyonse. Koma TV yanga ndinaigula mwana wanga wachiwiri ali ku pulayimale, pano ali ku koleji. Ndiye inatsala NTFS, ya Windows, yomwe inayamba mu 1993. Imanyamula mafayilo aakulu bwinobwino. Choipa chake anandiuziratu: kompyuta ya Apple idzatha kuona ndi kukopera zomwe zilimo, koma kulembamo zatsopano ayi, pokhapokha ataikamo pulogalamu ina. Ndinati wojambula wa ku Johannesburg uja sadzabwera kwathu ku Chilomoni, tiyeni nayo NTFS.

Panalinso china chomwe sindinachimvetse mpaka anachita kujambula papepala. Kupatula kaundula uja, hard drive ili ndi mapu a mmene yagawidwira. Kagawidwe kakale amati MBR, katsopano GPT. Apple inali itaika GPT, ndipo ma TV ena akale akaona GPT amangokhala chete ngakhale kaundula ali woyenera. MBR imathera pa 2TB. Yathu inali 2TB ndendende, ndiye inakwana ngati nsapato yobwereka. Mng'ono wanga akanadzionetsa kulemera n'kugula ya 4TB, nkhani ikanakhala ina.

Ntchito yeniyeni inali kudikira. Anayamba wakopera zonse pa hard drive yake ya pashopu, zomwe zinatenga pafupifupi ola. Zili pakati magetsi anathima, Limbe yense n'kuyamba phokoso la majenereta, koma inveta ija inagwira ndipo kompyuta sinaphethire. Kwa ine batire lija ndi theka la chifukwa chomwe ndingatumizire munthu kumeneko. Atamaliza anayerekeza chiwerengero cha mafayilo uku ndi uku, kukula kwake uku ndi uku, n'kutsegula angapo mwa apo ndi apo kuti aone ngati akuseweradi. Kenako anasamukira pa kompyuta ya Windows, n'kundiitana kuti ndiime pambali pake.

"Bambo, onani. Iyi ndi yanu, iyi ndi yanga. Ndikufufuta iyi. Mwavomera?"

"Ndavomera, chemwali."

"Nenaninso."

Ndinanenanso, ngati paguwa. Anati anaphunzira kutero chifukwa pa kompyuta polumikizidwa ma hard drive awiri kapena atatu n'kosavuta kufomata yolakwika, ndipo kompyuta siifunsa kuti ndi ya ndani. Kufomatako sikunathe ndi mphindi yomwe. Anaitcha dzina loti UKWATI kuti tizikaizindikira pa TV. Kenako ola lina kubwezeramo katundu.

Ndikudikira ndinaona pa sikirini palembedwa 1.81TB pamene pabokosi panali 2TB, ndipo ndinayamba kale kukonza mawu okamuuza mng'ono wanga kuti anamubera. Mnyamata wothandiza uja anaseka. Akuti opanga amawerenga m'magulu a 1,000 pamene Windows imawerenga m'magulu a 1,024, ndiye ya 1TB imaoneka 931GB, ya 2TB imaoneka 1.81TB. Palibe chabedwa. Zili ngati ndowa ya ogula ndi ndowa ya ogulitsa pa msika wa chimanga, kungoti kuno chimangacho n'chimodzimodzi.

Ndinalipira K20,000. Poyerekeza ndi K3,000 ya pamsika ikuoneka yambiri, koma anakhala nayo maola atatu, pa makompyuta awiri, pa batire lake. Pamenepo sindikudandaula. Lisiti ndinachita kupempha, ndipo linalembedwa pa kapepala kong'ambidwa m'kope.

Madzulo amenewo tinayalanso mphasa. Anansi anali anayi tsopano, mbiri itamveka. TV inaonetsa dzina lija, UKWATI, ana n'kuomba m'manja. Zithunzi zinatseguka. Amayi anaona mwana wawo atavala zoyera, anagwira pakamwa. Kenako hard drive inayamba kulira kete, kete, kete, chithunzi n'kuzimirira, n'kubweranso, n'kuzimiriranso. Ndinaimba foni pashopu paja ngakhale nthawi inali itadutsa 7 koloko, ndipo anayankha. Anandiuza kuti nditenge tochi ndiyang'ane kumbuyo kwa TV, pali mabowo a USB awiri, ndiwerenge tizilembo tili pambali pake. Limodzi panalembedwa HDD ndi 1A. Anati hard drive yamtunduwu ili ndi mbale yozungulira m'kati ndipo imadya magetsi kudzera pa chingwe chomwecho. Bowo wamba la USB 2.0 limapereka magetsi a 500mA basi, theka la 1A uja, zokwanira fulashi, koma hard drive poyamba kuzungulira imafuna zoposa pamenepo. Kulira kuja inali njala. Ndinasuntha chingwe kupita pa bowo linalo, kulira kunatha. Thandizo limeneli linali laulere, usiku, ndipo ndikulilemba ku mbali ya zabwino.

Tsopano mbali inayo. Nditasankha kanema wamkulu uja, TV inaganiza pang'ono n'kulemba kuti fayilo imeneyi siitha kuisewera. Tizidutswa tojambulidwa pa foni tinkasewera, koma kanema weniweniyo ayi. Anansi anatsanzika mmodzimmodzi. Amayi anati palibe kanthu, zithunzi zija zakwana, ndipo mawu amenewo anandipweteka kuposa akanakalipa.

M'mawa mwake ndinakweranso minibasi. Mtsikana uja atatsegula fayiloyo n'kuona mmene inapangidwira, anagwira mutu. Kanemayo anali wa 4K, wopanikizidwa m'njira yatsopano yotchedwa H.265, pamene TV yanga imadziwa yakale ija, H.264, ndipo pa kukula kwa chithunzi imathera pa 1080p, osafika pa 4K. Kufomata kunatsegula chitseko cha nyumba, koma katunduyo anali womangidwa mfundo yomwe TV siitha kumasula. Chomwe chinandikwiyitsa n'choti zimenezi zinalembedwa m'buku lomwe lija anatsegula dzulo lake, tsamba lotsatira chabe. Fayilo anali nayo, buku anali nalo, ine ndinali pa benchi maola atatu. Munthu amene anandifunsa mafunso atatu anzeru chonchija analephera kudzifunsa lachinayi. Ndinamuuza zimenezo mosapita m'mbali.

Sanakane. Anati, "Pamenepo ndinalakwitsa, bambo, ndinangoganiza za kufomata." Kuvomera kwake ndinakuyamikira. Koma K10,000 yosinthira kanemayo anandilipiritsabe yonse, osachotsako ngakhale ya minibasi. Ndikumvetsa kuti ndi ntchito ina, kompyuta yake inagwira usiku wonse, koma pulogalamu yomwe anagwiritsa ntchito, HandBrake, ndi yaulere, ndipo ulendo wachiwiri ndi wachitatu ndinayenda chifukwa cha iye. Akanadula theka bwenzi ndikulemba ndi mtima woyera.

Kanema watsopanoyo anatuluka 6GB ndi kanthu, MP4, wooneka bwino lomwe pa TV yanga. Onani kuti akadali woposa 4GB, ndiye kukana FAT32 kuja kunali kolondola. Woyambirira uja wa 4K sanamufufute, anamuika m'chikwatu chake kuti tsiku lina tikadzagula TV yamakono tidzaone thukuta la mkwati bwinobwino.

China chomwe muyenera kudziwa mukapita kumeneko, kapena kwina kulikonse: katundu wanu amatsala pa hard drive ya pashopu. Kwa ine zinathandiza, chifukwa kwa masiku atatu ukwati unali malo awiri. Koma sananene yekha kuti adzafufuta liti. Ndinachita kufunsa, ndipo anafufuta ndikuona. Munthu wamanyazi akanangochoka, zithunzi za banja lake n'kutsala m'manja mwa anthu, pa kompyuta yomwe mnyamata wothandiza amakhalapo bwana akatuluka. Sindikunena kuti amachita nazo choipa. Ndikungoti funsani.

Potsanzikana anandipatsa malangizo omwe sindinalipire. Loyamba ndi lomwe likanandipweteka ndithu: ma TV ndi madikoda ena ukalumikiza hard drive amafunsa ngati ukufuna aikonze kuti uzijambuliramo mapulogalamu. Ukavomera amaifomata mwa njira yawoyawo, zonse n'kupita, ndipo nthawi zambiri zomwe wajambulazo zimangoseweranso pa chipangizo chomwecho. Ndi ana anga okonda kudina OK pa chilichonse, ndinamata kapepala pa TV. Anatinso tisamazule chingwe kanyali kakuphethira, ndipo tikamaliza kuonera tizichotsa hard drive n'kuisunga, isamangokhala polumikizidwa kudikira magetsi athime ndi kubwera. NTFS akuti imasunga kabuku ka zomwe ikuchita, kotero magetsi akathima mwadzidzidzi imatha kudzikonza, pamene exFAT ndi FAT32 zilibe kabuku koteroko. Koma anawonjeza kuti kabukuko si chithumwa.

Ndinamufunsanso za wailesi ya m'galimoto ya mlamu wanga, poti ankafuna nyimbo za paukwatipo. Anati imeneyo ipatseni fulashi yaing'ono ya FAT32, ndipo musadabwe Windows ikapanda kukupatsani FAT32 pa mndandanda ngati fulashiyo yaposa 32GB, ndi mmene anaipangira. Mwana wa anansi athu nayenso anabwera kudzabwereka hard drive kuti akaonere pa PlayStation 4 yake, n'kubwerera nayo akuti siikuoneka. Imeneyo imafuna exFAT kapena FAT32, NTFS siidziwa. Ndinamuuza kuti azibwera kudzaonera kuno, ndipo mumtima ndinakondwera kuti hard drive sizichoka pakhomo.

Mtsikana wa pashopu uja anandikakamiza kugula fulashi ya 64GB yoti kanema wamkuluyo ndi zithunzi zikhalenso pena. Poyamba ndinkaona ngati akungofuna malonda, koma anati ndikagule kulikonse komwe ndikufuna, iye andiikira ulere. Ndinagula. Ili m'chitini cha makalata a nyumba.

Kodi ndingatumize munthu kumeneko? Inde, makamaka ngati zomwe zili mu hard drive yanu zilibe kwina. Koma pitani ndi chithunzi cha kapepala ka kumbuyo kwa TV, muwauze kuti ayang'anenso ngati kanemayo TV yanu itha kumusewera musanatsike masitepe aja, ndipo mugwirizane mtengo wa zonse poyamba. Ngati ndi fulashi ya nyimbo chabe, musavutike kukwera, mnyamata wa pamsika akwana.

Lachisanu madzulo tinayala mphasa kachitatu, ulendo uno osauza anansi. Kanema anayamba, mawu n'kumveka, kwaya ikuimba. Amayi anaonera maola awiri osasuntha. Anaona kuti malume a mkwati sanavule chipewa popereka mawu, anaona kuti perekaniperekani anafupika, ndipo anafunsa kuti mayi wovala zobiriwira amene akungovina kutsogoloyo ndi wa mbali iti. Pofika pomwe mlongo wanga anatembenukira ku kamera n'kunena kuti amayi ali kumudzi awaone, anakweza dzanja.

"Bambo, tabwezani pamenepo."

Ndinabweza. Tinabweza kanayi.